Makutu a Mlonda Wopuma Ntchito

Aneba anga ndi mlonda wopuma ntchito, ndipo amanyadira makutu awo. Amati wakuba amamveka asanaoneke. Masiku ano amangokhalira masewera a nkhondo pakompyuta. Ine zimenezi sindizimvetsa, ndipo ndinawauza pamaso.

Mwezi watha anagula mahedifoni amene akuti amakuuza kumene mdani akuchokera. Koma akamva mapazi kumanzere n'kutembenukira komweko, chipolopolo chinkawapeza kuchokera kumanja. Wogulitsa anati vuto ndi kompyuta, agulenso kakhadi ka mawu koika m'kati mwake. Anagula, koma anapitirizabe kufa.

Ndinawapeza pakhonde atazyolika.

"Achimwene, makutu anga atha," anatero. "Kodi zaka zonse zija ndinkalondera chiyani?"

Ine kutonthoza munthu ndi bodza sinditha. Akazi awo ndi amene anayankha ali pakhomo.

"Mahedifoni aja mumavala motembenuza, bambo, chakumanja kumanzere. Paja munati mukavala bwino chingwe chimakugwetserani tiyi."

Analowa msanga, n'kuvala bwino, ndipo adani anayamba kugwa. Kenako mayiwo anaima kumbuyo kwawo n'kuwaitana katatu kuti akadye. Sanatembenuke.

Mpaka lero sindidziwa ngati makutuwo anachira kapena ayi.