Moni wa pa Msewu wa ku Lusaka

Dzulo ku Shimabala kamwana kanakwezera motoka yanga dzanja, ine n'kuima pomwepo.

Ndili mwana, Atate atachotsedwa ntchito ku fakitale ya fetereza, tinasamukira komweko, kumapuloti atsopano kopanda chipatala. Tsiku lina masana tinaima pamsewu, phula likuwotcha mapazi, Amai atabereka mng'ono wanga Tisa, yemwe ankapuma mobanika. Atate ankakwezera dzanja motoka iliyonse. Maminibasi ankadutsa odzaza, kutisiyira utsi.

Ine ndinkayesa tikupereka moni. Ndinkadumphadumpha, kuseka.

"Atate, aja anibwezela!"

"Kweza manja onse, mwananga," anatero osandiyang'ana.

Kenaka Amai anafunditsa Tisa chitenje mpaka kumutu, nayamba kubuma. Ndinakwiya kuti masewera atha msanga.

Mpaka lero munthu akakweza dzanja pamsewu umenewo ndimaima, ngakhale kakhale kamwana kongosewera.