Tsiku limene malume anazimitsa katapila

Malume anga anali dalaivala wa katapila ku khonsolo ya mzinda. Ntchito yawo inali kusalaza misewu, kukumba ngalande, ndipo nthawi zina kugwetsa nyumba zomangidwa pamalo oletsedwa. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo ankaphunzitsa kalasi ya ofuna kubatizidwa. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi phokoso la injini. Akazi awo ankati limagontha kwambiri ikabwera nkhani ya denga lodontha.

Ine ndinakulira m'nyumba mwawo, ndipo kalasi ndinalowa yawo yomweyo. Phunziro lomvera boma ankalidziwa pamtima. Ankati olamulira anaikidwa ndi Mulungu, ndipo wokana lamulo akukana mwini wake amene analiika.

"Nanga lamulolo likakhala loipa, malume?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Umvera, pokhapokha akakutuma kuchimwa."

"Ndiye munthu adziwa bwanji kuti apa andituma kuchimwa?"

"Udzadziwa," anatero, n'kupitiriza phunziro.

Akachokera kogwetsa nyumba ankafikira pampopi, kusamba fumbi kumaso ndi m'mikono, kenako kukhala pakhonde. Telala wina amene anamugwetsera shopu ankapemphera nafe. Lamulungu lililonse ankapatsana moni wapamanja ngati panalibe kanthu.

Chaka china khonsolo inalamula kuti nyumba zonse zomangidwa pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi zichoke. Anthu anauzidwiratu. Malume anapita ndi katapila, kapitawo wawo ndi apolisi. Anapeza katundu ali kale panja: matiresi, zidebe, zitseko zozula, malata owunjika. Nyumba zoyamba anagwetsa monga mwa masiku onse.

Kenako anafika panyumba ina yotseka. Mkati munali mayi wina ndi mwamuna wake amene anafa ziwalo mbali imodzi. Mayiyo anakhoma chitseko n'kuchitsekereza ndi tebulo. Anayankhula pawindo kuti alibe kopita ndi wodwala, ndipo satuluka.

"Ingogundani khonde, akulu," kapitawo anauza malume. "Akamva kugwedezeka atuluka okha."

Malume anayang'ana nyumbayo. Njerwa zake zinali zomangira dothi, ndipo khonde ndi chipinda zinali pamtanda umodzi. Anatsitsa chikhasu cha katapila pansi, anazimitsa injini, n'kutsika.

"Muli anthu umo," anatero.

"Ndi lamulo, akulu a mpingo. Si inu mumatiphunzitsa zomvera?"

"Ndi lamulo, eya. Kiyi ndi uyu. Ngati pali zondimanga, ndili pompano."

Anakhala pamulu wa njerwa za nyumba imene anali atangoigwetsa. Sanakweze mawu ndipo sanathawe. Anthu ena anayamba kuwomba m'manja, koma iwo sanatembenuke n'komwe. Mwina sanamve.

Apolisi sanawamange. Anathyola chitseko, n'kutulutsa wodwalayo pamatiresi. Anthu onyamula atachepa, malume ananyamuka kukagwira ngodya imodzi. Anamugoneka pamthunzi wa lole ya khonsolo, mkazi wake akumuingitsa ntchentche ndi nsalu. Kapitawo anaimbira foni dalaivala wina, ndipo dzuwa lisanapendeke nyumbayo inali pansi.

Kuntchito malume anayamba awaimitsa, kenako anawachotsa chifukwa chokana lamulo la bwana. A bungwe la ogwira ntchito anabwera kudzawauza kuti akadandaule.

"Ndikadandaule chiyani? Ndinakanadi," anatero malume.

Achinyamata akutchalitchi nawo anabwera. Ankakonza zionetsero zotsutsa kugwetsa nyumba, ndipo ankafuna malume akayende patsogolo. Mmodzi anati tsopano aona kuti Mkhristu amvere Mulungu osati anthu.

"Ine sindinakane boma, ana anga," anawayankha. "Ndinakana khoma limodzi."

Anachoka okhumudwa, ena akuti nkhalamba yachita mantha. Patapita masabata angapo abusa anaitanira malume ku ofesi. Anati mumpingo muli akuluakulu a khonsolo, choncho ndi bwino apume kaye pa kalasi mpaka fumbi litakhazikika. Malume anavomera, n'kubweza makiyi a chipinda chophunzitsiramo. Kalasiyo sanawabwezerenso, ndipo iwo sanafunse.

Kunyumba ankadzuka m'mawa monga kale, kuvala ovolosi, n'kukhala pakhonde. Chakudya ankadya chonse osanena kuti chakoma kapena mchere wachepa. Akazi awo anayesa kuwakalipira, anayesa kuwaseka, anayesa kulira.

"Bambo, kukwiya kokha kwiyani, tidziwe kuti muli moyo," anatero tsiku lina.

"Ndikwiyire ndani, mayi?"

Za banja lija tinamva kuti linasamukira kwa achibale, ndipo bamboyo anamwalira mvula isanagwe. Malume atauzidwa anangogwedeza mutu, n'kufunsa ngati maliro anaika kale.

Masiku ano amamata matayala a njinga m'mbali mwa msewu, pansi pa lona. Kutchalitchi amapitabe, amakhala benchi yakumbuyo, ndipo pemphero lopempherera atsogoleri likamatha amati amen pamodzi ndi onse. Ndinawapeza palona paja mwezi watha, ndipo ndinawafunsa ngati amaona kuti anachita bwino.

"Sindidziwa, mphwanga. Nyumba inagwa ndithu."

"Koma anthu aja anatuluka amoyo."

"Anatuluka."

Anapopa chubu, anachimiza m'beseni la madzi akuda, n'kumachitembenuza pang'onopang'ono kufuna pamene pakutuluka thovu. Mwini njinga anali ataima chapafupi akuyang'ana foni. Malume anapeza pobowoka, anapukuta ndi chala, n'kundipempha kuti ndiwapatsire guluu.