Nkhope ya pa tisheti

Ine ndine mmodzi wa anthu aja amene amaima pamsewu kuyang'ana chikwangwani ngati akuwerenga, pomwe akungoona mmene zilembo zakhalira. Zojambulajambula sindinaphunzire. Satifiketi yanga ya ku koleji ndi ya ntchito za mu ofesi, ndipo ili m'sutikesi pansi pa bedi kuno ku komboni ya Nabvutika. Koma chibadwire cha mwana wanga wamwamuna, nthawi yoyamwitsa ndinkaithera pa foni, kuona mmene anthu akukonzera mapositala masiku ano, kenako n'kumayeserera ndekha.

Mapositala a muno mu Chipata ankandinyansa. Zilembo zagolide, moto kumbuyo, nkhunda pamwamba, mitundu yosakanikirana ngati mulu wa salaula. Ine ndinkakonda fashoni ija ya mawu ochepa, zilembo zowonda, malo ambiri osiyidwa oyera. Ndinayesapo pa positala ya kwaya ya kutchalitchi kwathu, amayi a kwaya n'kundifunsa ngati inki inathera panjira.

Kenako kunabwera timapulogalamu tokonza nkhope. Umaikamo chithunzi chosaoneka bwino, kamakubwezera chowala, chosalala, maso akuthwa. Ndisaname, ndinatikonda. Ndinali nditangobereka, nkhope yotupa, tulo osagona, ndiye kapulogalamuko kankandipatsa mkazi amene ndikanafuna kukhala. Chithunzi changa chilichonse chinkayamba chadutsa mmenemo.

Akulu anga anamwalira dzinja la chaka chatha ku Madzimoyo, kumene ankalima ndi amuna awo. Sanadwale nthawi yaitali. Anasiya mwana wamkazi amene anali atangoyamba kulumikiza mawu, ndipo banja linagwirizana kuti ndimutenge ine.

Akulu angawo sankakonda kujambulidwa, foni yawo inali ya mabatani. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi basi, chimene ndinawajambula ku Mtenguleni tsiku la mwambo wa Angoni wa Nc'wala. Kunali khamu, iwo akutembenuka kwinaku akuseka, dzanja langa linagwedezeka. Chithunzicho n'chambuu. Komabe aliyense wowadziwa amawazindikira: mpata wa mano akutsogolo, chipsera pamwamba pa diso lamanzere cha pamene anagwa pa ngolo tili ana, khungu lakuda bii la munthu wokhalira m'munda.

Mantha anga anali amodzi, akuti mwanayu adzaiwala nkhope ya mayi ake. Mwana wamsinkhu umenewo sasunga kanthu. Ndiye m'mawa ndikamusambitsa ndinkamukhazika pamwendo n'kumuonetsa foni.

“Awa ndani?”

“Amama.”

Akatero ndinkapuma. Tsiku limene wachedwa kuyankha, mtima unkandigunda mpaka masana.

Atakolola, alamu anga, amuna a malemu, anabwera kudzanena za chiliza. Masiku ano kuvundukula chiliza popanda matisheti ndi ngati simunachite kanthu. Abale onse amavala zoyera zofanana, nkhope ya malemu pachifuwa, ndipo nkhope yomweyo imamatidwanso pamwala.

“Mlamu,” anatero, “za zithunzizi katswiri wake ndinu. Ine ndimangodziwa mpendadzuwa. Tiyeni mukandiyankhulire.”

Ndinanyada, ndisabise. Ndinabereka wanga wamng'ono kumbuyo, wamkulu, wa malemu uja, ndinamusiya kwa aneba, tinapita m'tauni pa kashopu kopulinta. Mwini wake ndi bambo wina wonenepa, wanthabwala, amene amapulinta chilichonse kuyambira makadi aukwati mpaka zikwangwani za mabuchala. Ndinamutumizira chithunzicho, anachitsegula pa kompyuta, n'kupukusa mutu.

“Amayi, ichi ndikachiika pa tisheti anthu aziti mwavala mtambo. Dikirani ndichikonze.”

Sanachedwe. Anachidutsitsa mu pulogalamu yake, yoposa yanga ija, ndipo pa sikirini panatuluka mkazi. Chitenje chinali chomwecho, duku lomwelo. Koma mano anali ogundana, oyera mbee. Chipsera panalibe. Khungu linali lofiirira ngati la munthu wogwira ntchito ku banki, mphuno yowongoka pang'ono.

“Ha!” anatero alamu. “Kani ndinakwatira chiphadzuwa chonchi, ine osadziwa?” Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka china, anatulutsa kansalu n'kudzipukuta kumaso.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti inenso poyamba ndinachiona kukongola. Diso langa, lija ndinkalinyadira, linayamba kuyamikira mmene kuwala kwagwera patsaya. Panapita kanthawi kuti mtima unene zake.

“Awa si akulu anga,” ndinatero.

“Ndi omwewo amayi, angowala pang'ono. Aliyense akuchita zimenezi. Sabata yatha ndakonza agogo ena, adzukulu mpaka anawomba m'manja.”

“Bwezeranipo chipsera. Ndi mpata wa mano.”

Anayesa, sindingamunamizire. Koma pankhope yosalala ija chipsera chinkaoneka ngati ntchentche yatera pa sikirini, ndipo mpata unkaoneka ngati dzino laguluka. Pulogalamuyo sinawakonze akulu anga. Inawachotsa n'kuikapo munthu wina, ndiye zizindikiro zawo zinalibe pokhala.

Ndinapereka maganizo anga. Titenge chambuu chomwecho, tichichepetse, chikhale pakati, kuzungulira konse kuyere, pansi pake mawu ochepa. Chikachepa, kusaoneka bwino kuja sikudziwika kwenikweni. Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse zitsanzo.

Alamu sanayang'ane n'komwe. “Mlamu, mukufuna anthu a ku Madzimoyo anene kuti mkazi wanga ndinamuumira ngakhale atafa? Kachithunzi ngati ka pa chiphaso? Ayi. Chikule, chidzaze chifuwa chonse. Bwana, ikaninso nkhunda.”

“Ziwiri kapena imodzi?”

“Ziwiri.”

Alamu anatumiza chithunzi chatsopanocho pa gulu la banja la pa foni tili pomwepo. Mayankho anayamba kugwa, timitima, timanja topemphera. Ndinatuluka panja n'kuimbira amayi anga, ndili ndi chikhulupiriro chakuti iwo okha andimva, poti malemuwo anawabereka ndi iwo.

Anali atachiona kale pa foni ya mdzukulu wawo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayankhula motsitsa.

“Mwana wanga uja dzuwa linamuwotcha moyo wake wonse. Sanadzolepo mafuta abwino. Iwe umakhala m'tauni, umadzola. Musiye naye awale kamodzi kokha.”

Ndinanena za mwana, kuti asokonezeka. Anati mwana ndi mwana, adzamva akadzakula.

Tsiku la chiliza kunali mphepo ya mwezi wa Ogasiti, fumbi lokhalokha. Kumanda kunayera ndi matisheti. Kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali mkazi uja, pachifuwa cha amalume, pachifuwa cha amayi a kwaya, pachifuwa changa chomwe. Atachotsa nsalu pamwala, analinso pomwepo, akumwetulira ndi mano ake ogundana. Azimayi amene anakula ndi akulu anga, amene ankatunga nawo madzi pa mjigo umodzi, ankayandikira n'kumati, “Ee, ndi yemweyo, mayi wathu.” Sindidziwa ngati ankanena zoona kapena ankangolemekeza.

Mwana uja anamupatsa tisheti ya munthu wamkulu, inkamufika kumapazi. Aliyense womunyamula ankaloza pachifuwa pake. “Ukuwaona amako? Awa amako. Unene kuti amama.” Tsiku lonse, anthu ambirimbiri, chala pa nkhope imodzimodziyo. Ine ndinali ndi kafoni kamodzi m'chikwama.

Titabwerera ku Nabvutika mwanayo anakana kuivula tishetiyo. Ankasewera nayo, kudya nayo, kugona nayo. Ndikafuna kuichapa ndinkachita kumunyengerera ndi chitumbuwa, iye n'kukhala pansi pa chingwe kudikira kuti iume.

Ndinasiya kumuonetsa foni kwa kanthawi, ndinkaopa chimene ndidzamve. Tsiku lina m'mawa ndinalimba mtima.

“Awa ndani?”

Anayang'ana nthawi yaitali. Anakhudza sikirini ndi kachala konyowa.

“Kaya.”

“Yang'anitsitsa. Awa ndani?”

“Anti ena.” Kenako anakoka tisheti yake pamimba kuti nkhope iwongoke. “Amama ndi awa.”

Ndinamukalipira. Mwana wamasiye, wosalakwa kanthu, ndinamugwira chibwano n'kumuyang'anitsa foni mwamphamvu mpaka analira, wamng'ono naye n'kuyamba kulira kuchipinda. Aneba anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwagwa chinthu. Ndinati palibe.

Masana ake, ana atagona, ndinatsegula zithunzi zanga m'foni. Ndinkafuna chimodzi chokha chimene mwana wanga angadzandidziwire nacho ine nditachoka mwadzidzidzi ngati akulu anga. Ndinapita m'mbuyo mpaka tsiku lotuluka kuchipatala. Zonse zinali za mkazi wosalala uja. Zenizeni ndinkazifufuta ndikangomaliza kukonza, kuti foni isadzaze. Amuna anga atabwera kuntchito ndinawapempha kuti andijambule mmene ndinalili, ndi duku lakuda la ntchito. Anadabwa, anafunsa ngati ndikudwala. Kuyambira tsiku limenelo amandiyang'ana mwachilendo ndikatsokomola.

Zopulinta za pa tisheti sizikhalitsa. Pofika nthawi ya mvula zoyamba nkhope ija inayamba kung'aluka. Nkhunda imodzi inamatuka, kenako tsaya, kenako diso linatsala theka. Mumtima ndinakondwera, Mulungu andikhululukire. Ndinkati ikatha imeneyi tiyambiranso ndi foni, pang'onopang'ono, mwina china chake chidzabwerera.

Koma mwanayo anaona. Ankatola tizidutswa togwa n'kumayesa kutimata ndi malovu. Anasiya kudya bwino. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa njerwa, atagwira malaya akewo ndi manja awiri, akulira mopanda mawu, kulira kumene sindinamuonepo ngakhale pa maliro.

“Mama aang'ono, amama akutha.”

Ndinamunyamula. Ndinafuna kumuuza kuti amenewo si amake, kuti amake ali m'foni, ali ndi mpata wa mano ngati umene ukuyamba kuoneka m'kamwa mwake. Koma ndinangomupukuta misozi. Mwanayu anali atataya kale mayi ake kamodzi, ndipo nthawi imeneyo sankadziwa chimene chikuchitika. Ulendo uno ankadziwa.

M'mawa mwake ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamugwira dzanja, tinakwera basi kupita m'tauni. Bambo wa pa shopu uja anandikumbukira.

“Amayi a chipsera! Mwabwera ndi mtambo wanu uja?”

Sindinaseke. Ndinamufunsa ngati chithunzi cha pa chiliza akadali nacho mu kompyuta. Anati satayapo kanthu. Anachitsegula, mwana n'kuthamangira pa tebulo, kuimirira ndi zala zakumapazi, nkhope yake yonse itawala.

“Tipulinte chiti?” anafunsa bamboyo, akundiyang'ana.

“Cha pa chiliza chomwecho,” ndinatero. “Pa tisheti yaing'ono, ya msinkhu wake.”