Kalasi ya Mwana Mmodzi wa Ndevu

Dzina loti Wailesi anawapatsa ndi achemwali awo kalekale ali mtsikana, ndipo silinafufutike mpaka lero. Chifukwa chake n'chosachita kufunsa. Mayi amenewa sankatha kugwira ntchito kukamwa kuli kotseka. Akamachapa ankakalipira malaya, akamasesa ankauza tsache kolowera, ngakhale polowetsa ulusi pa singano ankaulangiza ulusiwo kuti usachite makani. Amuna awo, mmisiri woyala matailosi, anali munthu wa mawu awiri patsiku. Anzawo kuntchito ankawatchula a Levulo, chifukwa kachipangizo koyezera ngati pansi pawongoka sikankachoka m'thumba mwawo, ngakhale popita ku ukwati.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Mayi Wailesi ankagwira ntchito m'kalasi ya ana oyamba kumene, pa kasukulu kena kuseri kwa depoti ya mabasi. Papepala anali wothandizira chabe, wopukuta mamina ndi kumanga zingwe za nsapato. Koma aphunzitsi enieni ankabwera n'kumapita, iwo ali pomwepo, moti theka la ana a m'dera limenelo anadziwa kuwerenga kuchokera pakamwa pawo. A Levulo akamayenda nawo mumsewu ankachita kutopa ndi moni. Kondakitala wa ndevu zake, namwino, wogulitsa mayunitsi, onse ankaima n'kunena kuti, "Madamu, mukundikumbukira?" Ndipo mayiwo ankawakumbukira onse, mpaka chilembo chimene aliyense ankalemba chozondoka.

Tsiku lina mayi anabwera kunyumba ali chete. A Levulo anadziwa kuti kwagwa zina.

"Aphunzitsi aakulu anandiitana," mayi anatero pomaliza. "Akuti chaka chamawa aliyense woima kutsogolo kwa ana akhale ndi pepala la uphunzitsi, kapena akhale atalembedwa kale ku koleji. Kupanda apo, kalasi yanga apatsa wina."

"Ndiye lembetsani ku kolejiko."

"Ndapitako, bambo. Akuti satifiketi yanga ilibe masamu ndi sayansi. Pali mayeso olowa m'malo mwake, amalembetsa kamodzi pachaka. Kwatsala miyezi isanu ndi iwiri."

Apa mpamene anaulula chinthu chimene sanauzepo munthu. Kusekondale sanalephere maphunziro awiriwo chifukwa cha umbuli ayi. Ankawadziwa, anzawo ankabwera kudzafunsira kwa iwo. Koma m'chipinda cha mayeso, woyang'anira atangoti "Aliyense chete!", mutu wonse unazima. "Mutu wangawu uli ngati njinga," anatero. "Ndikasiya kupalasa pakamwapa, umagwa."

A Levulo anaganiza usana wonse wa tsiku lotsatira, atagwada pa simenti ya eni ake. Madzulo anabwera atasenza chitseko chakale, n'kuchipaka penti yakuda, n'kuchitsamiritsa pakhonde. Kenako anakoka kampando ka ana kothyoka mwendo kamene mayi anabwera nako kuti akakonze, anakakhoma msomali, n'kukhalapo, mawondo ali m'khosi.

"Phunzitsani," anatero. "Mwana wake ndine."

Abale inu, kalasi imeneyo! Bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, amene sukulu anaisiyira sitandade sikisi, tsiku lililonse akaweruka ankasamba m'manja n'kukhala pakampando dzuwa lisanalowe. Mayi ankatsegula buku, n'kuwerenga tsamba limodzi mokweza, kenako n'kutembenukira kwa mwana wawoyo ndi choko m'manja. Zimene zinkawakanika m'buku zinkamasuka zokha akangoyamba kufotokozera munthu. Ndipo mwanayo anali wovuta zedi. Sankavomera chinthu asanachimvetse.

"Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi," mayi anatero tsiku lina.

"Zinayi? Nanga matailosi anayala ndani m'menemo?"

"Bambo inu, ndikutulutsani panja!"

"Tili kale panja, Madamu."

Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda n'kumaseka. A Levulo sankasamala. Iwo ankangoona zodabwitsa. Mkazi amene anakhala naye zaka makumi awiri, amene ankaganiza kuti amamudziwa mpaka kutsokomola kwake, anali kuwauza chifukwa chimene madzi oundana amayandamira, ndi mmene magetsi amayendera m'waya. Kodi zonsezi zinkakhala kuti m'mutu umenewu masiku onse aja?

Koma tsiku limene linawasiya kukamwa yasa linali la makona atatu. Mayi anajambula chithunzi pachitseko, n'kuyamba kulimbana ndi lamulo lake, thukuta kamukamu. A Levulo anachiyang'ana n'kunena kuti, "Chimenecho ndimachidziwa. Ndikafuna kuona ngati kona ya chipinda yakhala bwino, ndimayeza zitatu uku, zinayi uku, ndiye chingwe chopingasa chiyenera kukwana zisanu. Anandiphunzitsa ndi malume anga."

"Chifukwa chiyani zisanu?"

"Aaa, ndi mmene zimakhalira basi."

Mayi anaima kaye, maso ali mwaa. Kenako anati, "Tengani matailosi anu otsala aja." Anawauza kuti ayale mizere itatu ya matailosi atatu mbali imodzi, ndi mizere inayi ya matailosi anayi mbali ina. "Werengani. Awa ndi naini, awa sikisitini. Tsopano asonkhanitseni onse, muyale asanu asanu."

A Levulo anagwada n'kuyala. Mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu. Tailosi lomaliza linalowa pakona ndendende, osatsala, osapereweza. Anakhala chogwada pomwepo nthawi yaitali, tsitsi lili nyaunyau. Zaka makumi atatu akukoka chingwe chimenecho m'nyumba za anthu, osadziwa kuti pansi pake pali chifukwa, ndipo chifukwacho chinali m'manja mwawo tsiku lililonse. Anayang'ana akazi awo ali mbuu ndi choko, ndipo anachita nawo mantha pang'ono, mantha aulemu.

Kutatsala miyezi iwiri, mayi anayesa mapepala a mayeso akale patebulo. Polankhula anakhoza mafunso pafupifupi onse. Atayesa ali chete, wotchi ili patsogolo, cholembera chinangoima. Anayesa kuluma chivindikiro cha cholembera, anayesa kuvumata madzi, koma ayi ndithu. Tsiku limenelo analira ngati mwana.

"Ana anga a kusukulu aja apita, bambo. Ndatha ine."

A Levulo sanawatonthoze, chifukwa mawu otonthozera analibe. Anangoti, "Simenti sitiiponda tsiku lomwe taiyala. Tiyeni pang'onopang'ono."

Sabata yoyamba mayi anaphunzitsa monong'ona. Yachiwiri, milomo yokha ndiyo inkagwedezeka, a Levulo n'kumagwedeza mutu kapena kukwinya nkhope monga mwa masiku onse. Yachitatu, milomo inatsekedwa, n'kutsala maso ndi choko. Sabata yachinayi a Levulo ananyamuka pakampando paja n'kukaima kuseri kwa nyumba, akumvetsera. Kunalibe mawu. Kunkangomveka choko, kwee, kwee, pachitseko, mayi akuphunzitsa mpando wopanda munthu.

Tsiku la mayeso a Levulo sanapite kuntchito. Anawaperekeza mpaka pageti la holo yaikulu, pamene panali piringupiringu wa anyamata ndi atsikana amsinkhu wa ana awo. Mlonda anawabweza a Levulo, ndipo iwo anakakhala pakhoma lalifupi tsidya la msewu. M'mawa masamu, masana sayansi. Pa nthawi yopuma olemba mayeso sanatuluke pageti. A Levulo anatulutsa levulo yawo n'kuyeza khomalo, anaibweza, anaitulutsanso. Khomalo linali lopendekeka, koma tsiku limenelo analikhululukira.

Geti litatsegulidwa, mayi anatuluka pafupifupi omaliza, akuyenda ngati munthu amene watula katundu wolemera. Anafika, n'kuwayang'ana amuna awo ndi diso laukali.

"Inu bambo, lero mwandivutitsa."

"Ine? Ine ndakhala pano chikhalire!"

"Bodza. Munali m'menemo, pakampando kanu, patsogolo panga penipeni. Funso lachisanu ndi chiwiri mwandifunsa katatu konse kuti chifukwa chiyani. Ndachita kukufotokozerani mpaka mwagwedeza mutu."

A Levulo anafuna kuseka, koma anadzigwira. Anangowalandira chikwama.

Kalata inafika patapita milungu isanu ndi umodzi, Loweruka masana, a Levulo akutsuka zidebe za simenti pabwalo. Mayi anaing'amba akulankhula monga mwa nthawi zonse, akuikalipira envulopu kuti ili ndi guluu wambiri, akuliuza pepala kuti lisawachititse manyazi. Kenako mawu anaduka.

A Levulo anadikira. Kunali zii.

"Mayi, nenani kanthu."

Kunali zii ndithu. Misozi inali chuchuchu, koma liwu silinatuluke. A Levulo anapukuta manja pa buluku n'kutenga pepalalo, n'kuliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, monga mmene mayiwo amaphunzitsira ana awo. Masamu, akhoza. Sayansi, akhoza. Pansi pake panali tsiku lokayamba ku koleji.

Anawerenganso kachiwiri, mokweza tsopano, kuti a tsidya la mpanda amve. Kenako kachitatu. Tsiku limenelo munthu wa mawu awiri uja analankhula yekha mpaka mawu anasasa, akuuza aliyense wodutsa mumsewu kuti kalasi ija sapatsanso wina. Mayi Wailesi anangokhala pakampando kaja, kalata imene a Levulo anawabwezera ili pachifuwa, akumvetsera.