Jakisoni Yosayenda Malonda

Ntchito yanga yoyamba inali m'famase ya ba Tembo ku Matero. Anandipezera ni mlamu wanga, amene anawanamiza kuti ndine wofatsa. Ine wofatsa? Kaya!

Ntchito inali kupukuta mashelufu, kuika kutsogolo mankhwala otsala pang'ono kutha mphamvu, na kukana anthu ofuna makapisozi awiri opanda pepala la ku kiliniki. Pashelufu yapamwamba panali kabokosi ka jakisoni yamphamvu, yogwira pomwe maantibayotiki wamba alephera. Inkangokhala mpaka deti kupita, ife nkutaya.

Ba Tembo anatopa nazo. Ankati mankhwala a shuga munthu amagula mpaka kumanda, koma iyi ukabaya sabata wachira, komanso madokotala amaisunga dala kuti tizilombo tisaizolowere. Ankati ngakhale makampani akunja safuna kupanga yatsopano pa chifukwa chomwecho. Analumbira kuti kabokosi kotsalako nkomaliza.

Tsiku lina masana analowa ba Sakala, mlonda wa ku Chunga, pepala lili m'manja, thukuta kamukamu. Mkazi wawo anabereka pa opaleshoni, bala linachita mafinya, mankhwala onse anakana. Kuchipatala jakisoniyo inatha, ndipo mafamase a m'tauni onse anawabweza. Ndinakwera pa kampando kukatsitsa kabokosi kaja. Deti inali isanapite! Ndinawapatsa, anathamanga osatsanzika.

Patapita masabata anabwera na mkazi wawo, akuyenda yekha, khanda kumsana. Ndinalira, sindibisa. Pakamwa panga posagwirapo paja, ndinaulula kuti ba Tembo saitanitsanso jakisoniyo poti siyenda malonda. Ba Sakala anatembenukira ba Tembo, amene anali pomwepo.

"Ba bosi, ine amanilipira mwezi na mwezi olo kawalala asabwere. Manje iyi jakisoni si mlonda?"

Ine ndinaigwira nkhaniyo osaisiya. Ndinapita nayo ku gulu la amayi a pamsika, ndinalongolola mpaka mawu kusasa. Anagwirizana kuti pa chilimba chawo, ndalama zomwe amasonkha nkumapatsana mosinthana, azipatula kangachepe mwezi uliwonse nkupatsa ba Tembo kuti kabokosiko kazikhalapo, kagulidwe kasagulidwe.

Ndinaphunzira kuti vinthu vina umalipirira kupezeka kwake, osati kugulidwa kwake. Lero ndili na famase yanga ku George. Kabokosi kotero kakatha deti osatsegulidwa, ndimataya ndikuimba nyimbo, chifukwa ndiye kuti chaka chimenecho palibe mayi wa kwathu amene anafika pakamwa pa manda.