Waya wa a Matiki

Ndikakumbukira a Matiki, ndimamva fungo la mtovu wosungunuka pamakala, ndi phokoso la hamala pachidebe kuyambira dzuwa lisanatuluke mpaka ng'ombe kubwerera. Anali neba wathu ku Lirangwe, wokhoma zidebe ndi kumata mapoto. Sankalankhula zambiri. Inenso ndinatengera.

Bambo anga anali mkamwini pamudzi wa amayi. Ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ku Chileka, kubwera kumudzi Loweruka. Tsiku lina anabweretsera amayi chibangili chonyezimira, nkunena kuti ndi golide. Amayi sankachivula. Kumunda nacho, kumjigo nacho, pochapa nacho.

Unali mwezi wa Okutobala, wotentha. Sabata isanathe, mkono wa amayi unabiriwira pomwe pankakhala chibangili. Akasamba zinkachoka, mawa zabwereranso.

Amalume, a Jailosi, atawona anagamula pomwepo. “Mankhwala awa. Alamuwa ali ndi mkazi wina ku Chileka, akufuna akupheni pang'onopang'ono. Loweruka akabwera, atenge chikwama chawo azipita.”

Amayi analira. Ine Ganizani ndinali Sitandade 3, koma ndinadziwa kuti mkamwini akathamangitsidwa, ana amatsala.

Mawa lake a Matiki anaitana amayi. Ananunkhiza chibangili chija, nkuchikanda mkati ndi msomali. Pansi pa chikasucho panatuluka chofiirira.

“Mkuwa,” anatero.

Anadula waya wa mkuwa pamulu wa zinthu zawo, nkuupala mpaka kuwala. Anapita nawo kumunda komwe amalume ankasosa, nkuwakulunga pamkono.

“Musavule mpaka Loweruka.”

“Mwayamba using'anga liti, a Matiki?”

“Limani, inu.”

Loweruka bambo anafika, anapeza anthu atakhala kale pakhonde, chikwama chawo chili panja. A Matiki anabwera osaitanidwa, hamala ili m'manja.

“A Jailosi, tionetseni mkono.”

Amalume anakaniza. Azakhali ena anawagwira nkukweza malaya. Mzere wobiriwira, kuposa wa amayi.

“Nanunso alamu anu akufuna akupheni? Akusiyeni chifukwa cha mkazi uti?” anafunsa a Matiki.

Anthu anafa nazo kuseka. A Matiki sanaseke.

“Mkuwa ukakumana ndi thukuta kapena sopo umatulutsa dzimbiri lake, lobiriwira. Limatsala pakhungu. Silipha. Mlandu wa alamu anuwa ndi umodzi: anawapusitsa mavenda.”

Bambo anawerama. “Anandiuza kuti ndi golide, make Ganizani.”

“Golide wa ku Limbe,” anatero amayi, akulowetsa chikwama m'nyumba.

Madzulo a Matiki anatsuka chibangili ndi ndimu ndi mchere, nkuchipukuta mpaka kuuma. Anabwereka kyuteksi wopanda mtundu kwa mwana wawo, nkupaka mkati monse.

“Polima vulani. Pochapa vulani. Mukadzola mafuta, dikirani aume. Utoto ukasupuka, pakaninso.”

Zinathera pompo. Bambo anakalambira pamudzi womwewo, ndipo amalume ankabwereka njinga yawo ngati palibe chinachitika.

Lero ndimayendetsa kabaza pa Chileka. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera akulira, chala chitabiriwira ndi mphete ya chibwenzi chake. Anzake anali atamuuza kale kuti mnyamatayo ndi wachinyengo.

Ndinakanda mkati mwa mphete ndi msomali. Mkuwa.

“Tenga ndimu,” ndinatero. “Mnyamatayo umuuze abwere Loweruka. Ndimuone ndekha.”