Amayi pa Khoma la ku Kapata

Ndikukumbukira chaka chimene chikondwerero cha zojambulajambula chinafika ku Chipata. Ndinali mu giredi sikisi, ndipo amayi anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Atate ankalemba zikwangwani za mashopu. Ng'ombe imene anajambula pa bucha ina inkaoneka ngati galu wonenepa, koma eni bucha ankainyadira.

Kampani ina ya mafuta ophikira ndi imene inagula penti n'kugawira ojambula makoma a m'tauni. Atate anapatsidwa khoma lalitali pafupi ndi msika wa Kapata. Kunyumba tinalibe chithunzi cha amayi ngakhale chimodzi, choncho anaganiza zowajambula pamenepo, atakhala pansi ndi lichero lawo la mtedza monga ankachitira.

Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko. Fumbi la mwezi wa Okutobala linkamatirira pa penti yaiwisi, fungo lake likundizunguza mutu. Tsiku lachinayi nkhope inatuluka. Anali amayi enieni, maso otopa aja, milomo yotseka. Azimayi a mumsika ankaima n'kugwira pakamwa. Mmodzi analira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo woonetsa zojambulazo uchitike, kunabwera bwana wa kampani ija, atamanga tayi dzuwa lili phwee. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"A Banda, ntchito mwaigwira," anatero. "Koma mayiyu wakwiyiranji? Mumumwetulitseko, ndipo m'manjamo muikemo botolo lathu."

"Ameneyu ndi mkazi wanga, bwana. Anatisiya."

"Pepani kwambiri. Komabe penti ndi yathu."

M'mawa mwake atate anakwera makwerero, ine ndili chiimire pansi. Ndinaonerera burashi ikutsegula milomo ya amayi, ikundandalika mano oyera ngati chimanga chosankhidwa. Masana kunali ng'oma, magule ndi malaya achikasu aulere. Dzina la atate litatchulidwa, anthu anaomba m'manja. Atatewo anangoweramitsa mutu, ndipo kuyambira tsikulo sanajambulenso nkhope ya munthu.

Masiku ano zikondwerero zoterezi zakula, ndipo ojambula achinyamata ndimawamva akukangana ndi makampani mopanda mantha. Khoma lija analigumula kalekale, atate nawonso anatsikira kulichete. Ine ndikawasowa amayi ndimatseka maso n'kuyesetsa kuitana nkhope yawo yotopa ija. Koma amene amabwera ndi mayi womwetulira, atanyamula botolo la mafuta.